Kuchita kafukufuku mokhulupirika kumafuna mzere wake mu bajeti

Pempho lililonse la ndalama za kafukufuku wa sayansi kapena uinjiniya limalonjeza kuti ofufuza adzatsatira malamulo a khalidwe labwino. Koma mukatsegula bajeti yake, nthawi zambiri simupezamo ndalama yolipirira lonjezolo. Ntchito imene sinapatsidwe ndalama ndi nthawi imachitika mothamanga, mwinanso osachitika n'komwe.

Opereka ndalama ena anazindikira zimenezi kalekale. Human Genome Project, ntchito yofufuza majini onse a munthu, itayamba mu 1990, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo la National Institutes of Health (NIH) linapatula 3 peresenti ya ndalama zake za ntchitoyo kuti zifufuzire mmene idzakhudzire khalidwe, malamulo ndi miyoyo ya anthu, ndipo gawoli linadzakwera kufika pa 5 peresenti. Ku America komweko, lamulo la America COMPETES Act la 2007 linachititsa kuti bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa sayansi la National Science Foundation (NSF) lizifuna kuti yunivesite yopempha ndalama ikhale ndi dongosolo lophunzitsa ophunzira ndi ofufuza ongoyamba kumene kagwiridwe ka ntchito mokhulupirika. Akuluakulu otsogolera kafukufuku anadzawonjezedwa ndi lamulo la CHIPS and Science Act la 2022. Kunena zoona anachedwa, poti mwini labotale ndiye amaonetsa achinyamata zimene zili zololedwa mmenemo. NSF inakhazikitsanso thumba lotchedwa ER2 (Ethical and Responsible Research), koma lolipirira kufufuza zimene zimalimbikitsa khalidwe labwino. Si lolipirira ntchito za tsiku ndi tsiku za polojekiti yanu. Zimenezo muzilembe nokha mu bajeti.

Yambani ndi nthawi. Ngati kafukufuku akukhudza anthu, simungafunse munthu ngakhale funso limodzi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali isanavomereze. Komitiyo imatha kubweza pempho kuti likonzedwe, ndipo mukasintha mafunso kapena malo muyenera kukapemphanso. Cholakwika chofala n'kulemba ntchito osonkhanitsa deta kuyambira mwezi woyamba: amalandira malipiro alibe chochita, kenako kumapeto ndalama zimapelewera ndipo anthu amayamba kudula njira. Miyezi yoyamba ikhale ya zilolezo ndi maphunziro.

Fomu yopempha chilolezo kwa otenga nawo mbali imadya ndalama kuposa mmene ambiri amaganizira. Pamafunika womasulira m'chilankhulo cha anthuwo, wachiwiri womasulira mobwezera osaona fomu yoyamba, ndiponso kuiyesa pa anthu angapo kuti muone ngati amvetsa kuti akhoza kukana kapena kusiya nthawi iliyonse. Munthu wosatha kuwerenga amafunika mboni yosakhala m'gulu la ofufuza, ndipo mboniyo imafuna ndalama yoyendera. Chipepeso cha otenga nawo mbali chibweze nthawi ndi ulendo wawo basi. Chikakula kwambiri, wosauka amavomera zimene akanakana, ndipo komiti yanzeru imabweza pempholo.

Pamene ambiri amagwera ndi pa deta. NSF inayamba kufuna dongosolo la kasungidwe ka deta la masamba awiri mu 2011, ndipo lamulo la NIH la kasungidwe ndi kagawidwe ka deta linayamba kugwira ntchito pa 25 Januwale 2023. NIH imalola kuika ndalama za ntchitoyi mu bajeti, koma ziyenera kulipiridwa polojekiti isanathe. Ngati deta idzasungidwe zaka khumi pamalo olipiritsa, lipirani zonse pasadakhale, apo ayi thumba lidzatsekedwa ngongole ikubwerabe. Werengeraninso maola a munthu wochotsa zozindikiritsa anthu. Kufufuta mayina kokha sikokwanira: tsiku lobadwa, dera ndi ntchito zikaphatikizidwa zimatha kuloza munthu mmodzi. Kwa mainjiniya, mzere wofanana ndi umenewu ndi wa kuyezetsa zipangizo zoyezera pa nthawi yake, kusunga manambala osakonzedwa ochokera m'makina, ndi kugula zinthu zokwanira kuti wina abwereze kuyesa kofunika kwambiri zotsatira zisanasindikizidwe.

Pa maphunziro, kosi ya pa intaneti ndi yotchipa koma payokha siphula kanthu. NIH imafuna kuti amene ikuwalipirira maphunziro akhale ndi maola osachepera 8 okambirana ndi aphunzitsi, kamodzi pa zaka zinayi zilizonse ngati n'kuchepa. Maola amenewo ndi malipiro a anthu, choncho alembedwe. Nkhani za amene dzina lake lidzalembedwe pa pepala la zotsatira, ndi mwa dongosolo lanji, zikambidwe poyambirira, mkangano usanabuke.

Wina akati zonsezi zakweza bajeti, muonetseni mtengo wa mbali inayo. Mu 2019 Duke University inavomera kulipira boma la America madola 112.5 miliyoni pa mlandu woti deta yabodza inagwiritsidwa ntchito popempha ndalama za kafukufuku. Amene anaulula nkhaniyo anali wogwira ntchito mu labotale pa yunivesite yomweyo.