Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chipinda cha telala

Gawo lapita lija ndinalekezera pamene anandiitana kuti ndikayang'anire ndekha maonekedwe a filimu, nditatha zaka 3 ndikunyamula mipando ndi kutsuka mabulashi a anzanga. Filimuyo inali ya mphindi 20, ndipo pafupifupi nkhani yonse inkachitikira m'chipinda chimodzi, cha telala wokalamba amene mkazi wake anamwalira, ana ake n'kumamukakamiza kuti agulitse makina osokera. Anandipatsa masiku 12, akalipentala awiri ndi mtsikana mmodzi wondithandiza penti.

Ndifotokoze kaye ntchitoyi, poti mpaka lero abale anga ena amaganiza kuti ndimagwira kamera. Pa Chingerezi amati production designer. Chilichonse chimene diso likuona pozungulira wochita sewero, kaya khoma, katani, mpando, ngakhale kamsomali ka pachitseko, chikalakwika mlandu ndi wako. Dzinali linatchuka ndi William Cameron Menzies. David O. Selznick, mkulu wopanga filimu ya Gone with the Wind ya 1939, anamupatsa dzina limeneli pa filimuyo, chifukwa Menzies ankajambuliratu pamapepala mmene zithunzi zidzaonekere kamera isanayatsidwe n'komwe, moti dzina lakale la art director linamuchepera. Nkhani imeneyi ndinali nditaiwerenga kangapo, ndipo inandizunguza mutu. Ndinkadziona ngati Menzies wamng'ono.

Ndinayamba bwino ndithu. Sikiripiti, nkhani yolembedwa ya filimuyo, ndinaiwerenga katatu ndili ndi zolembera zamitundu: zofiira za zinthu zimene munthu adzagwire m'manja, monga sizasi ndi tepi yoyezera, zobiriwira za zongokhala m'chipindamo. Kenako ndinadula makatoni n'kupanga kachipinda kakang'ono, sentimita imodzi kuimira masentimita 25, kuti dayirekita aone pomwe pakhale chitseko ndi zenera. Anavomera. Akalipentala anaimika makoma a pulayiwudi m'nyumba yosungiramo katundu imene tinabwereka, ndipo ine ndinalamula kuti akhomerere ndi misomali zolimba, ndikuopa kuti angagwere munthu. Wamkulu mwa awiriwo, bambo wa imvi amene anakalambira m'maseti, malo omangidwa kuti ajambuliremo filimu, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Onse anayi?" Ndinati onse anayi. Sananenenso kanthu, anangotola hamala.

Makoma ndinapaka penti yoyera. Makatani ndinasankha atsopano, a timizere ting'onoting'ono. Zithunzi za banja ndinaziika m'mafulemu a galasi, zonse pamzere umodzi. Nditaimirira pakhomo madzulo a tsiku la 10, ndinadzigunda pachifuwa.

Mawa lake kunabwera dayirekita ndi mkulu wa kamera. Wa kamerayo anazungulira chipinda chonse manja ali kumbuyo, osayankhula. Kenako anati:

"Achemwali, muno akukhalamo ndani?"

"Telala uja."

"Wakhalamo zaka zingati?"

"Sikiripiti ikuti 40."

"Oho. Ine ndimayesa walowamo dzulo."

Sanakweze mawu ayi, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Anayatsa nyali imodzi n'kundiitana kuti ndidzaone ndekha pa monita. Khoma loyera lija linkabweza kuwala konse. Akachepetsa kuti khoma lioneke bwino, nkhope ya munthu wakuda woima patsogolo pake inkamira mumdima. Akawonjezera kuti nkhope ioneke, khoma linkangoti mbee ngati pepala. Timizere ta katani tija tinkavinavina pa sikirini, diso osakhazikika. M'galasi la chithunzi cha ukwati munkaoneka nyali yake, ndi iye yemwe ataima. Pomaliza anagogoda khoma la kumbuyo kwa makina n'kufunsa kuti likuchoka bwanji, chifukwa kamera iyenera kudzaima pamenepo. Ndinayang'ana kwa bambo a imvi aja. Iwo anali kuyang'ana kudenga. Safunsa anadya phula.

Atachoka, ndinakhala pachitini cha penti misozi ili lengelenge. Kujambula kunayenera kuyamba mmawa wa tsiku lachiwiri lake.

Madala aja anandisiya kaye ndipume. Kenako anati, "Mwana wanga, tadzukani, tiyeni kuno." Sanapite nane ku seti. Anandiimika pachitseko chenicheni cha nyumba yosungiramo katunduyo, chimene ndinkadutsapo tsiku lililonse osachiona. Pozungulira chogwirira panali bwalo lakuda, lonyezimira ndi mafuta a m'manja. M'munsi mwake penti inali itakanganuka pomwe anthu amakankha ndi phazi manja akadzaza katundu. Pa swichi ya magetsi litsiro silinali ponseponse, linali mbali imodzi yokha, yomwe dzanja limafikira munthu akamalowa mumdima akufufuza.

"Dothi silimwazika mwachisawawa," anatero. "Limatsata munthu. Telala wanuyo ndi wamanzere kapena wamanja? Akatopa amatsamira pati? Mkazi wake ankakhala mbali iti?"

Palibe funso limodzi lomwe ndinayankha. Ndinali nditawerenga sikiripiti katatu kufunafuna katundu, osamuona mwini katunduyo.

Usiku umenewo ndi tsiku lotsatira tinagwira ntchito yowononga zomwe tinamanga. Poyamba akalipentala anazula misomali ya khoma lija n'kulimanganso ndi masikuluwu, kuti anthu awiri azitha kulichotsa m'mphindi zochepa. Ine ndi mtsikana uja tinasungunula penti yotuwira ndi madzi ambiri, n'kumaipaka ndi siponji, kupukuta isanaume, kupakanso, mpaka kuyera kuja kunazilala. Pamwamba pa pomwe pankakhala nyali ya parafini tinadetsapo ngati mwaye. Makatani a timizere tinataya, tinapeza nsalu yopanda maluwa n'kuiviika m'tiyi wozizira, m'mphepete mwake mokha momwe dzanja limakoka tinadetsa kawiri. Magalasi onse a m'mafulemu tinachotsa. Tebulo madala analimenya ndi tcheni, kenako analikwecha ndi sandipepa pamalo awiri pokha, pogonera zigongono, n'kupakapo polishi kuti pawale ngati pathambitsidwa ndi zaka. Pansi pa makina tinapala simenti yathu yabodzayo pomwe chidendene chimakhudza munthu akamapalasa.

Chimene ndimachinyadira mpaka lero chinabwera cha m'ma 3 koloko usiku, tulo titandisokoneza kale. Ndisanapake penti yodetsa pakhoma la kumanzere, ndinamatapo pepala lamakona anayi ndi tepi. Titamaliza ndinalimatula. Panatsala malo oyera, ndipo pamwamba pake ndinakhomapo msomali umodzi wadzimbiri. Sikiripiti sinkanena kanthu za galasi loyang'anira nkhope, koma ine ndinaganiza kuti malemuwo anali nalo pamenepo, ndipo mwamuna wawo analichotsa maliro atatha. Pansi pake ndinaikapo mpando wachiwiri, khushoni yake yophwa pakati.

Wosewera telala, gogo wina wofatsa, atalowa mmawa kudzayeserera, sanapite pa makina. Anaima pamsomali paja nthawi yaitali, kenako anasisita mpando uja, osaukhalira. Dayirekita anaona. Ananong'onezana ndi wa kamera, ndipo chithunzi chomaliza cha filimu anachisintha: m'malo motsekera pankhope ya gogoyo, kamera inatsetsereka n'kukaima pamalo oyera aja. Kwa ine sananene chilichonse. Pa seti pakakhala bata ndiye kuti wakhoza, ungodziwa wekha.

Sikuti zonse zinayenda. Tsiku lachiwiri la kujambula ndinaiwala kutola chithunzi cha tebulo tisanapite kopuma, ndipo wina anasuntha sizasi. Mufilimumo ikuoneka kumanja, kamera ikatembenuka ili kumanzere. Wolumikiza zithunzi anandiimbira foni kundinena, ndipo anali ndi chifukwa. Kuyambira pamenepo foni yanga imadzaza ndi zithunzi za matebulo. Malipiro nawo anachedwa miyezi iwiri, koma imeneyo ndi nyimbo ya aliyense wa ntchito ino, sindiitalikitsa.

Tsiku loonetsa filimuyo, mayi wina anafunsa dayirekita pagulu kuti nyumba ya telala weniweni chonchija anaipeza kuti, nanga mwini wake analola bwanji kuti alowemo ndi makamera. Mtima wanga unawawa. Masiku 12, zikhadabo zodzaza penti, ndiye munthu aziti tinangoipeza? Ndinatembenukira kwa madala aja kuti ndidandaule, koma ndinawapeza akuseka mpaka kupukuta misozi. "Mwamva? Walipira ameneyo," anatero. Zinanditengera nthawi kuti ndiseke nawo. Mu 2019, Hannah Beachler atakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar ya ntchito imeneyi chifukwa cha filimu ya Black Panther, mng'ono wanga ananditumizira uthenga kuti tsopano wamvetsa zomwe ndimachita. Ndinamuyankha kuti wamvetsa theka, chifukwa mizinda ya mufilimu imeneyo aliyense amadziwa kuti wina anachita kuipanga, pomwe chipinda changa ngakhale iye atachiona ankayesa ndi cha munthu.

Seti ija tinaigumula m'maola 3. Pulayiwudi anaitembenuza n'kukhala khoma la ofesi mufilimu ina. Ine ndinazula msomali uja, uli m'bokosi langa la zida.

Patapita miyezi iwiri foni inalira. Anali mkulu wa kamera uja, amene ndinkaganiza kuti sadzafunanso kundiona. Sanapereke ndi moni womwe. Anati pali filimu yaitali ikufuna wodi ya chipatala cha m'ma 1970, mabedi 8, ndipo amene anayamba ntchitoyo wathawa. "Mukhoza kubwera Lolemba? Ndipo mubwere ndi madala anu aja." Nambala ya madalawo ndinalibe. Ndinatha Loweruka lonse ndikuwasakasaka, ndipo kumene ndinakawapeza, ndi zimene anandiuza ndisanatsegule pakamwa, ndidzafotokoza m'gawo 10.