Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Nyali ziwiri za kumgodi

Sabata yatha ndinalekeza pomwe tinafika kukomponi ku Welkom ku South Africa mu 1979, ife anyamata a Theba, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi. Lero ndikambe za nyali.

Kwathu ku Ntcheu ndinakulira koloboyi. Ndiye tsiku loyamba atandipatsa nyali yomangirira pachipewa, batire lake lolemera lili m'chiuno, ndinaona ngati ndasenza mwezi pamphumi. Nyali iliyonse inali ndi nambala yake ndi malo ake pomwe ankaitchajira. Ukatuluka pansi unkaibwezera pomwepo. Malo akakhala opanda nyali, ankadziwa kuti mwana wa munthu watsalira pansi.

Koma yomwe inandizunguza mutu inali ina. Machesi ndi fodya zinali zoletsedwa kotheratu, komabe kapitawo wathu, bambo wachikulire wa ku Mozambique, ankayenda ndi kanyali ka moto weniweni! Ndinawafunsa kuti, "Bambo, moto womwe akutikaniza si umenewu?" Anandikhazika pansi n'kundionetsa waya wolukidwa ngati sefa wokuta pamwamba pa lawilo. Wayayo amamwa kutentha, motero moto sudutsa kukayatsa mpweya wakunja. Nyaliyo inkabwera yokhoma, munthu sukanaitsegula uli pansi. Patapita zaka ndinawerenga kuti nzeruyi anaitulukira Humphry Davy ku England mu 1815.

Sinali younikira ayi, inali mphuno yathu. Methane, mpweya woyaka wopezeka m'migodi, sanunkha, saoneka, ndipo akachuluka kuyambira magawo 5 mpaka 15 pa 100 alionse a mpweya, kamoto kakang'ono n'kokwanira kuphulitsa malo onse. Migodi ya golide ya dera limenelo ili naye mpweya umenewu.

M'mawa wina tisanayambe kuboola, bambo aja anachepetsa lawi n'kukweza nyali pang'onopang'ono chakudenga, poti mpweyawo ndi wopepuka, umabisala m'mwamba. Pamwamba pa lawi panamera kachisoti kabuluu, kotuwa, kovuta kuona, chizindikiro choti methane alipo. Sanakuwe. Anatsitsa nyali mwaulemu ngati akutula dzira, n'kutiloza njira ndi mutu. Tinatuluka mwakachetechete, miyendo ili zii, ndipo tsikulo sitinabwererenso mpaka atakonza mapaipi a mphepo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkangoganiza za mayi anga, omwe ndinali ndisanawalembereko kalata chifikire. Ndinadzuka, n'kubwereka cholembera kwa mnzanga wa ku Dedza. Zomwe ndinalemba m'kalatamo ndidzakuuzani Loweruka.