Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nguluwe ya ku Geneva

Gawo lapitali tinalekezera pa Chitakale, nditangotsika minibasi mu Disembala 2018, mvula ikuwaza, phiri la Mulanje litabisala m'mitambo mpaka pa Chambe. Kumudzi anali atamva kuti ndimagwira ntchito pansi pa nthaka ku Ulaya, ndiye ambiri ankaganiza kuti ndili kumigodi ngati agogo aja anapita ku Joni.

Madzulo ake malume, omwe anathyola tiyi zaka zambiri mpaka msana unapindika, anandiitanira pakhonde. "Mphwanga, kudzenje kwanuko mumakumbako chiyani?"

Ndinayambira pa mtovu, womwewu wa m'mabatire a galimoto. Ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva komwe ndimagwira ntchito, timatenga atomu ya mtovu, kachidutswa kake kochepetsetsa, n'kuichotsa ma elekitironi onse 82 ozungulira kunja kwake, n'kutsala phata lokha, lopangidwa ndi tizidutswa totchedwa mapulotoni (82) ndi manyutironi (126). Maphatawo amathamangitsidwa mumpita wozungulira wa makilomita 27, pansi pa malire a France ndi Switzerland, ena kulowera uku ena uku, pa liwiro loyandikira la kuwala. Maginito owakhotetsa amazizidwa mpaka madigiri 271 pansi pa ziro. Kenako amagundanitsidwa pakati pa chimakina chotchedwa ALICE, cholemera matani 10,000. Pamene agundanapo pamatentha kuposa pakati pa dzuwa maulendo oposa 100,000, moti mapulotoni ndi manyutironi amasungunuka, tizidutswa ta m'kati mwawo, ma quark ndi ma gluon, n'kumayenda momasuka ngati phala lamadzimadzi. Akuti chilengedwe chonse chinali chotero chitangoyamba kumene, sekondi imodzi isanakwane n'komwe.

"Ndiye phala limenelo mumalitapa?"

Ndinati ayi. Limatha msanga moti kuphethira kwa diso n'kuchedwa zedi. Palibe munthu analionapo.

Malume anaseka mpaka kutsokomola. Kwa iwo, munthu wochoka m'mawa n'kubwera chimanjamanja sanagwire ntchito, ndipo sindingawanene. Ineyo mwezi wathunthu wa Novembala ndinali kuchezera usiku m'chipinda chowongolera makina, maso pa kompyuta, khofi wozizira pambali, kudikira kuti chinachake chifiire pa sikirini ndiimbire foni katswiri ali m'tulo. Nthawi zina nanenso ndinkadzifunsa funso lawo lomwelo.

Chinandipulumutsa ndi munda wawo wachinangwa wa m'tsinde mwa phiri. Ndili mwana ankanditengera kumeneko mbandakucha, n'kugwada pamatope, chala pa phazi la nyama. Iyi ndi nguluwe, yaikazi, ili ndi ana atatu, yalowera kumtsinje, ndipo inali pa liwiro poti zikhadabo zalowa kwambiri kutsogolo. Nguluweyo sitinaionepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinawakumbutsa zimenezo. M'kati mwa ALICE muli chimgolo cha mpweya, mamita asanu m'litali, chotchedwa TPC. Phala lija likazizira limabala tizinthu masauzande, ndipo kalikonse kokhala ndi mphamvu ya magetsi kakadutsa mumpweyawo kamasiya mzere. Maginito amakhotetsa mizereyo. Wokhota kwambiri ndi wa kanthu kofooka, wowongoka ndi wa kamphamvu. Ntchito yanga ndi kugwada pamatope amenewo. Tikaona kuti tizinthu tamphamvu tatuluka tochepa kuposa momwe timayembekezera, timadziwa kuti tizinthuto tinadutsa m'chinthu chokhuthala chomwe chinatilanda mphamvu panjira.

Anakhala chete, akupukuta fodya m'kapepala. Kenako anati, "Koma ine mapazi ndinkawerenga kuti ndidziwe potchera msampha. Inu msampha wanu uli kuti?"

Sindinawayankhe bwino tsiku limenelo. Amayi anaitana kuti nsima yapsa, ndiwo zake nandolo ndi kalongonda, ndipo nkhani inathera pamphasa. M'mawa mwake ndinawamva akuuza anzawo pa chigayo kuti mphwawo amasaka nguluwe ku Geneva.

Gawo likubwerali ndidzakuuzani za mphunzitsi wanga wa Physical Science wa Folomu 3, amene ndinakumana naye pamsika wa Limbuli sabata yomweyo.