Malikisi a SAT ndi mwana wa ku sukulu yosauka

Mu February chaka cha 2024, sukulu ya ukachenjede ya Dartmouth ku America inalengeza kuti aliyense wa ku sekondale za m'dzikolo wofuna malo kumeneko ayambirenso kutumiza zotsatira za SAT kapena ACT, mayeso amene ophunzira amalemba pofuna kulowa sukulu za ukachenjede ku America. Lamuloli linaimitsidwa mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa malo ambiri olemberako mayeso, ndipo kuyambira pamenepo wophunzira ankasankha yekha kutumiza malikisi ake kapena ayi. Mwa sukulu zina za ukachenjede, MIT inali itabwerera kale ku mayeso mu March 2022, ndipo Yale, Brown ndi Harvard zinachita chimodzimodzi mu 2024.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chifukwa chimene Dartmouth inapereka. Aphunzitsi ake atafufuza makalata ofunsira malo, anapeza kuti ana ena a m'mabanja osauka amene anapeza malikisi ngati 1400 mwa 1600 sankawatumiza, poona kuti ambiri olandiridwa pasukuluyi amadutsa 1500. Chikhalirecho osankha ophunzira akanaona malikisi amenewa pafupi ndi dzina la sekondale imene ana ake safikako kawirikawiri pa mlingo wotere, akanadziwa kuti mwanayo ndi wanzeru zapadera. Ufulu umene unaikidwa kuti uteteze osauka unawabisitsa umboni womwe ukanawalowetsa, pomwe mwana wa m'banja lolemera anali ndi mlangizi womuuza nthawi yotumiza ndi nthawi yosunga.

Otsutsa mayesowa nawonso sakunama. Kafukufuku wa 2023 wa Raj Chetty, David Deming ndi John Friedman anasonyeza kuti ana a mabanja olemera zedi, banja limodzi mwa 100 alionse, anali ndi mwayi woposa wa ana osauka ka 13 wopeza malikisi 1300 kapena kupitirira. Ndalama zimalipira mphunzitsi wapadera komanso kulemba mayeso kangapo. University of California inaleka kuyang'ana malikisi a SAT ndi ACT posankha ophunzira, ndipo madandaulo a kusalinganaku ndiwo anatsogolera.

Komabe ine ndikuona kuti kuchotsa mayeso sikuchotsa mphamvu ya chuma, chifukwa zotsalazo, monga nkhani imene wophunzira amalemba yonena za moyo wake, makalata omuchitira umboni ndi zochita za kunja kwa kalasi, n'zimene munthu wa ndalama amazikongoletsa mosavuta kuposa mayeso olembedwa m'chipinda choyang'aniridwa. Ife amene timadziwa kusiyana kwa mapointsi a MSCE a mwana wa ku CDSS yopanda labotale ndi a mnzake wa ku sekondale ya boma yogonera konko, sitivutika kumva mfundoyi. Ndikadakonda kuti sukulu zimene zabwezeretsa mayeso zizinena poyera, m'mawu amene mwana wa zaka 17 angamve, kuti malikisi ake adzawerengedwa molingana ndi kumene waphunzira, chifukwa akangoona 1500 pa tsamba la sukuluyo pa intaneti, ambiri sadzafunsira n'komwe malo.