Mkamwini pakhonde, namondwe m'nyanja

Mnzanga amene anandiuza kuti mafulati a m'mphepete mwa nyanja ku Tofo amatsika mtengo mu February sananame, kungoti chifukwa chake anachisunga mumtima. Tofo ali ku Mozambique, pafupifupi makilomita 22 kuchokera m'tauni ya Inhambane, ndipo nyengo ya anamondwe m'chigawo chimenecho cha nyanja ya India imayamba mu November kufikira mu April, pamene madzi amafunda kupitirira madigiri 26 n'kumapatsa mphepo mphamvu. Ine, munthu wa ku Joni wowerengera randi iliyonse, ndinangoona mtengo, ndipo popeza apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu, ndinaganiza zowaonetsa nyanja yamchere kuti akafika kumudzi akasimbe kuti mkamwini wawo si munthu wamba.

Fulati yake inali pamwamba pa nyumba yosanja, ili ndi khonde loyang'ana kumadzi komanso chitseko chagalasi chokankhira m'mbali. Tikulowa, ndinaona anthu a m'nyumba zoyandikana akusanja matumba a mchenga pa malata. Bambo woyang'anira nyumbayo anafotokoza kuti akatswiri a zanyengo a pa chilumba cha La Réunion, amene amalondola anamondwe a dera lonseli, aona mphepo ikuzungulira pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Anakumbutsanso za namondwe Dineo, amene mu February 2017 anasasula madenga ambirimbiri ku Inhambane komweko. Malangizo ake anali akuti tidzaze madzi m'bafa chifukwa magetsi akathima pampu imaima, titchaje mafoni, ndiponso tilowetse mipando ya pakhonde. Madzi ndinadzaza, mafoni ndinatchaja, koma mipando ndinaisiya, pakuti ndinali nditalipirira khondelo ndipo ndinkafuna kulidyerera mpaka mphindi yomaliza.

Magetsi anathima usiku, mvula itayamba kugwa chopingasa. M'nyumba munatentha kwambiri moti ndinatunga madzi m'ndowa kuti ndidzithire m'thupi. Sopo ali m'maso, ndinamva chinthu chikugunda galasi la pabalaza, ndipo nthawi yomweyo ndinakumbukira ndalama ya chikole imene tinasiya kwa mwini nyumba. Ndinatola chitenje cha mayi a kunyumba, ndinachimanga m'chiuno mwachangu, n'kunyang'ama kudutsa pakhomo pa chipinda cha apongozi. Nditatuluka pakhonde ndinakankha chitseko kuti mvula isanyowetse sofa, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva kachitsulo kotsekera kakugwera m'malo mwake.

Aliyense wodziwa mwambo wa kwathu amvetsa kukula kwa nkhaniyi. Mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi ake aakazi, sawayang'ana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Tsono ine ndinali pakhonde, dzanja limodzi litagwira mpando wapulasitiki umene unkafuna kuuluka, linalo litagwira mfundo ya chitenje, ndipo dzanja logogodera chitseko panalibe. Ndinayamba kugogoda ndi chipumi. Ndinaitana mayi a kunyumba monong'ona, poopa kudzutsa apongozi, ngakhale kuti mafunde ankabangula moti ngakhale ine mwini sindinkadzimva.

Amene anamva ndi apongoziwo. Anatuluka atanyamula mthiko m'dzanja lamanja ndi foni yoyatsa tochi m'dzanja lamanzere, poganiza kuti kwabwera wakuba. Kuwala kutangofika pagalasi, kunabwera mphepo ina yamphamvu kuposa zonse, ndipo ndinayenera kusankha pakati pa chikole ndi ulemu. Manja anga anasankha okha. Chitenje chinanyamuka n'kukakodwa pa mtengo wa kokonati, pomwe chinayamba kupepeluka ngati mbendera ya pa ofesi ya boma, ine n'kutsala ndi mpando umene ndinaubweretsa kutsogolo kuti unditchinge. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti opanga mipando imeneyi amasiya mipata yambiri kotsamira, ati kuti msana uzipitidwa mphepo.

Apongozi anga ndi munthu woleredwa bwino. Anathimitsa tochi, anatembenukira kukhoma, kenaka anaitana mwana wawo ndi mawu odekha: "Mwanawe, tadzuka ukaone pakhondepo, kwabwera alendo ako." Mayi a kunyumba atafika anagwa pansi ndi phwete, ndipo kachitsulo kaja kanawakanika kutsegula chifukwa manja ankanjenjemera. "Bambo a mwana, inu mwatani kodi?" anafunsa misozi ili mbwembwembwe. Ndinayankha kudzera pagalasi kuti ndinali kupulumutsa chuma cha banja, ndipo mpaka lero mawu amenewo sindinawasinthe, chifukwa galasi silinasweke ndipo chikole tinabwezeredwa chonse.

Namondweyo anakhotera kummwera osafika kumtunda, moti m'mawa dzuwa linawala bwinobwino. Mnyamata wina anakwera mtengo uja kukatsitsa chitenje, ndipo ndinamulipira ma meticais ochuluka kuposa mtengo wa chitenjecho kuti asafunse mafunso. Pobwerera, mumsewu wonse wa EN1 mpaka ku Maputo, kenaka wa EN4 mpaka pachipata cha Ressano Garcia cholowera ku South Africa, apongozi ankangoyang'ana pawindo n'kumayamikira mitengo ya kokonati, makamaka kutalika kwake.

Atabwerera ku Dedza anatitumizira katundu pa basi: mbatatesi ndi nyemba za banja lonse, kansalu ka mdzukulu, ndi kaphukusi kolembedwa kuti n'ka abambo. M'katimo munali lamba wachikopa, ndipo anali ataboolapo mabowo ena owonjezera.