Ndatuluka kuchimbudzi koma ndikumva ngati sindinathe

Nkhani iyi ndakhala ndikuzengereza kuilemba chifukwa tonse tinakula tikuuzidwa kuti za kuchimbudzi sanena pagulu. Koma ndavutika nayo pafupifupi chaka chathunthu, ndipo amayi angapo amene ndinawanong'oneza anandiyankha kuti "inenso achemwali, ndimangoti ndi chibadwa changa". Ndiye lero ndingoinena basi.

Ine ndine ejenti wa Mpamba ndi Airtel Money pa Kasungu boma pano, ndili ndi kakontena kanga kakang'ono. Amene munagwirapo ntchito imeneyi mukudziwa kuti suchokapo chisawawa, ndalama zili mu drowa, mafoni awiri ali pa tebulo, ukangoti utuluke pang'ono uyambe watsekera zonse ndi loko, pobwera upeza kasitomala wako waima kale kwa mnzako wa pafupi. Nyengo ya fodya ndiye usanene, msika wa ku Chinkhoma ukangotsegulidwa alimi amandandana kudzatapa ndalama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mmenemo ndi mmene ndinadzizoloweza zinthu ziwiri zimene zinandipweteka, kusamwa madzi kuti ndisamadzukedzuke kokataya madzi, komanso kupirira chimbudzi chikandigwira. Ndinkati ndikapangira kunyumba madzulo. Kufika kunyumba chija chabwerera, sindikumvanso kalikonse. Nkhomaliro nayo inali sikono kapena mandasi ndi fanta, tsiku labwino tchipisi.

Poyamba ndinkadumpha tsiku limodzi, kenako atatu, nthawi ina ndinafika masiku 5. Chikati chibwere chinkangokhala timibulu touma gwa ngati ta mbuzi, kuchima mpaka thukuta kamukamu, miyendo kuchita dzanzi.

Koma chimene chinkandizunza kuposa kuumako ndi chakuti sindinkamva kuti ndatha. Ndatuluka, ndasamba m'manja, ndamanga chitenje, ndanyamula chikwama, ndikungoti ndifike pa msewu ndiimitse kabaza, ndikumva kuti china chake chatsalira, ngati kamwala kakhala pakhomo penipeni sikakutuluka komanso sikakubwerera. Ndibwerere m'nyumba, ndikhalenso mphindi 20 ndikuchima, palibe chotuluka. Ana akugogoda kuti amama tichedwa kusukulu. Tsiku lonse pa mpando wa mu kontena muja ndikungosinthasintha kakhalidwe, siketi yathina pamimba, mpweya wadzadza, mutu ukulemera, maganizo onse ali kumusi. Tsiku lina ndinapatsa bambo wina ndalama zopitirira, mwayi anali munthu wachilungamo anandibwezera pompo ndi kundifunsa kuti "mayi, muli bwinobwino koma?" Ndikanawayankha chani abale. Ndinangoti ndi mutu.

Ndinayesa zambiri. Ku famase ndinagula timapiritsi ta bisacodyl, tinkagwira ntchito inde koma ndi kupotokola m'mimba, ndipo pakatha masiku ochepa ndabwerera pomwe paja. Kenako mnzanga anandibweretsera mankhwala azitsamba a m'botolo aja amati otsuka m'mimba. Usiku umenewo sindinagone, ndinatsegula m'mimba mpaka mawondo kunjenjemera, m'mawa ndinalibe mphamvu ngakhale yotunga madzi. Chodabwitsa nchakuti m'mimba munali mopanda kanthu ndithu koma kamwala kaja ndinkakamvabe. Pamenepo ndikanayenera kuzindikira kuti chimene ndikumvacho si chimbudzi, koma sindinaganize zimenezo, ndinangoti mwina ndiwonjezere mankhwala.

Chinandithamangitsira kuchipatala ndi magazi. M'mawa wina ndikupukuta ndinaona magazi ofiira pa tishu, mtima unangoti phwii, ndinakhala pansi pa khonde kaye osauza munthu. Bambo a kunyumba ndi amene anandikakamiza kuti tiyeni lero lomwe, kontena itseke.

Adokotala amene ndinawapeza sanaseke kapena kudabwa, anandifunsa ngati akufunsa za malungo. Mumapita kangati pa sabata, chimakhala chotani, magaziwo ndi ofiira kapena akuda, mwatsika thupi, mukumwa mankhwala anji. Anandiyeza, zamanyazi inde koma ndi kanthawi kochepa. Anapeza kuti mitsempha ya kotulukira chimbudzi yatupa, matenda aja timawatchula kuti mudzi, anali akuyamba mkati. Mmene anandifotokozera ndi mmene ndinamvetsa moyo wanga wa chaka chonse chija. Ntchito ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi mu zotsalira za chakudya, ndiye chimbudzi chikamakhalitsa mmenemo chimanka chiumirauma. Ukamachipirira tsiku ndi tsiku thupi limazolowera, limasiya kukuuza msanga kuti nthawi yakwana. Chouma chija umachitulutsa ndi kuchima, kuchimako kumatupitsa mitsempha, ndipo chotupacho thupi limachimva ngati chimbudzi chotsalira. Ndiye iwe umabwerera kukachimanso, kutupako nkuwonjezeka. Mwachidule mphindi 20 zija ndinkabwerera zija ndinkadzivulaza ndekha ndikuganiza kuti ndikudzithandiza.

Anandiuzanso kuti mapiritsi owonjezera magazi a ayironi amene ndinkamwa nthawi imeneyo amaumitsa chimbudzi, chimodzimodzi mankhwala opha ululu monga codeine ndi tramadol. Sanati ndisiye ndekha ayi, zimenezo mumakambirana ndi achipatala. Ndipo china chinandimasula mtima, kusapita tsiku lililonse si matenda. Pali anthu amapita katatu pa tsiku, ena katatu pa sabata, onsewo ali bwino. Vuto ndi pamene ukupita kosakwana katatu pa sabata, kapena chikuuma, kapena ukuchita kulimbana nacho. Anandilembera lactulose, mankhwala amadzi otsekemera amene amakokera madzi m'matumbo kuti chimbudzi chifewe, sagwira pompopompo, amatenga tsiku kapena awiri.

Za chakudya anandithandiza ndi amayi anga a ku Santhe. Nditawauza, mochita manyazi, anangoti "mwana wanga, iwe gaga umapatsa nkhuku, nanga m'mimba mwako mutsala chani chokankha?" Ndipo ndi zoona. Taganizani mmene timapangira ufa woyera, timakonola chimanga, gaga yense kupeta, mphale kuviika masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kenako kuchigayo. Nsima yake yosalala yokoma, ine ndimaikonda mpaka lero, koma khungu la chimanga lija ndi limene lili ndi fayiba, timinyenyeswa tosagayika timene timasunga madzi ndi kupangitsa chimbudzi kukhala chochuluka komanso chofewa. Munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 a fayiba pa tsiku, ndiye sikono, mandasi, nsima yoyera ndi kanyama kapena usipa sizingakufikitse pamenepo. Chimandiwawa nchakuti mgaiwa tinaupatsa dzina la umphawi, timati ndi nsima ya ku boding'i kapena ya chaka cha njala, mlendo akabwera timaubisa. Kunyumba kwanga ana anakana sabata yoyamba, ndiye ndinayamba kusakaniza theka woyera theka mgaiwa, pano sadandaulanso. Ndiwo zamasamba sizisowa pa mbale, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, therere, kholowa, ndipo ndimadya zambiri osati kongolawa pambali. Mtedza ndi wathu womwe kuno ku Kasungu. Mbatata ndimaitsuka bwino nkuphika ndi makoko ake. Papaya ndiye mnzanga weniweni, mango nawo nyengo yake ikafika.

Chenjezo limodzi, musayambe zonse tsiku limodzi. Ine ndinathamangira nyemba ndi mgaiwa nthawi imodzi madzi ndisanayambe kumwa mokwanira, mimba inafufuma ngati ng'oma masiku atatu. Onjezerani pang'onopang'ono, ndipo fayiba popanda madzi amangowonjezera mavuto. Pano ndili ndi botolo la malita 2 pansi pa tebulo, lamulo langa ndi lakuti ndisaweruke lisanathe, mwezi wa October kukatentha ndimadzadzanso.

M'mawa ndimadzuka msanga ndi theka la ola kuposa kale. Ndimamwa madzi ofunda, ndimadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kenako ndimasesa kapena kutsuka mbale podikira, chifukwa matumbo amayamba kuyenda okha munthu ukangodya, makamaka m'mawa. Ndikamva kuti chafika ndi pamene ndimalowa, foni ndimaisiya pa tebulo. Nyumba imene tikuchita lendi ili ndi toileti yokhala, ndipo ndinali nditazindikira kale kuti ndikapita kumudzi pa chimbudzi chokumba chonjuta zimayenda mosavuta, osadziwa chifukwa. Kunjuta kumawongola njira. Ndiye ndinaika njerwa ziwiri zopondapo kuti mawondo akwere kuposa chiuno, ndimaweramira kutsogolo pang'ono, zigongono pa mawondo, kupuma bwinobwino osatseka mpweya. Zikakanika pa mphindi 5 ndimadzuka. Chovuta kwambiri chinali chimenechi, kudzuka uku ndikumvabe kamwala kaja, kudziuza kuti palibe chatsala, ndi kutupa chabe. Masabata oyamba mtima unkakana ndithu. Koma ndikayenda wapansi kupita ku kontena, chifukwa kabaza ndinamusiya dala, pofika kumakhala kutazilala.

Ku ntchito ndinagwirizana ndi amayi ogulitsa zitenje oyandikana nane, chikandigwira ndimatseka drowa nkuwauza kuti "amayi tandionerani", iwonso akafuna kuchoka ndimawaonera. Kasitomala mmodzi kapena awiri amapita inde, ndinavomereza.

Chonde abale, musatenge nkhani yangayi ngati yankho la aliyense. Kumva ngati sunathe kumabweranso ndi matenda ena, kamwazi amachita zomwezo, ndipo chotupa cha m'matumbo nacho chimatha kuyamba chonchi. Ngati mukuona magazi, kapena chimbudzi chakuda bii pamene simukumwa ayironi, ngati mukuonda osadziwa chifukwa, ngati mukusinthana kudzimbidwa ndi kutsegula m'mimba, kapena zayamba mwadzidzidzi muli ndi zaka zopitirira 50, pitani kuchipatala osati kwa ogulitsa mabotolo. Ngati mimba yatupa, mukusanza, ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, imeneyo ndi ya tsiku lomwelo ngakhale usiku.

Sindinganame kuti ndinachiriratu. Lactulose ndinasiya kalekale, magazi sindinawaonenso, masabata ambiri ndimapita kanayi kapena kasanu popanda kulimbana. Koma mwezi watha tinali ndi maliro kwa apongozi ku Mchinji, masiku atatu ogona pa mphasa, anthu ali mbwee, chimbudzi chimodzi mzere kunja, ndinapirira ngati kale ndipo pobwera zonse zinayambiranso. Zinanditengera sabata yathunthu ya phala, papaya ndi botolo langa lija kuti m'mimba mukhazikike. Amayi anditumizira thumba lina la chimanga kuchokera ku Santhe, Loweruka ndikupita nalo kuchigayo osakonola.