Mmene ndinatsukira malamba a galimoto yanga yakale

Galimoto ndinali nditaipenta kale, mipando nditaisoketsa, koma tsiku lomwe ndinakhala pachiwongolero n'kukoka lamba, chimwemwe chonse chinathera pomwepo. Lambayo anali wouma gwa ngati chikopa chosafufuta, wakuda bii ndi thukuta la onse amene anaiyendetsapo ndisanaigule, ndipo nditamusiya sanabwerere m'malo mwake, anangoti lende pambali pa mpando. Ndi Mercedes-Benz W123 ya 1979, choncho linali litsiro la zaka zoposa 40.

Ena amatsukira lamba ali m'galimoto momwemo, amangomukokera panja n'kumupanitsa ndi chitseko. Ine ndinasankha kumasula, chifukwa kapeti anali watsopano. Ndisanagwire sipanala ndinajambula ndi foni bawuti aliyense ndi mawashala ake mmene anasanjidwira, ndipo a mbali iliyonse ndinawaika m'kathumba kawokawo. Mabawuti amenewa si otaya. Ambiri mazinga awo ndi a muyezo wa inchi, 7/16, ngakhale pa galimoto za ku Ulaya zomwe china chilichonse n'cha mamilimita, ndiye simungangotola wina aliyense m'bokosi la zitsulo n'kuikapo.

Chokulungira lamba chili m'manja, ndinakoka, lamba osatuluka. Ndinakokanso mwamphamvu, ayi ndithu. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chafa, mpaka ndinakumbukira kuti m'kati mwake muli kachitsulo komwe kamatseka lamba galimoto ikapendekeka kapena ikaima mwadzidzidzi. Nditachiimika chilili monga chimakhalira m'galimoto n'kukoka pang'onopang'ono, lamba yense anatuluka. Pothera pake ndinamupana ndi zopanira zovala ziwiri kuti asabwerere. Chivundikiro cha sipuling'i yomwe imabweza lamba sindinachikhudze n'komwe, chifukwa ikafwamphuka imeneyo kuibwezera ndi ntchito yolira nayo, komanso ikhoza kukuvulazani.

Kutsuka kwenikweniko n'kosavuta. Madzi ofunda, osati owira, m'beseni, ndi sopo wofewa wamadzi pang'ono chabe. Ndinaviika nsalu yokha, chokulungira chili pa tebulo pamwamba pa beseni kuti chisalowe dontho. Patatha pafupifupi theka la ola madzi anali ngati a m'chithaphwi. Ndinayala lamba pathabwa n'kumakwecha ndi burashi yofewa motsata utali wake, osati mopingasa, kuopa kunyotsola ulusi. Pomwe amakhudza khosi ndi pomwe dzanja limagwira ndi pamene panavuta, ndinabwerezapo katatu ndi mswachi wakale. Madzi ndinasintha kanayi asanayambe kutuluka oyera.

Mnzanga wina atandipeza ndikuvutika anandiuza kuti ndingothira jiki kapena petulo, zithe msanga. Ndinakana. Lamba amalukidwa ndi ulusi wa nayiloni kapena poliyesita, ndipo mankhwala amphamvu amaufooketsa mosaoneka ndi maso: amawala bwino, koma tsiku la ngozi ndi pomwe amadzaduka. N'chimodzimodzinso kumunyika mu utoto kuti abwerere mtundu. Pamene Nils Bohlin, injiniya wa kampani ya galimoto ya Volvo, anapanga lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno uyu, yemwe anayamba kuikidwa m'galimoto mu 1959, cholinga chinali kugwira thupi la munthu, ndiye ine bola akhale wotuwa pang'ono koma wolimba.

Nditatsukuluza ndinamupana pakati pa thaulo n'kumutsindira, osamupotokola, kenako ndinamuyanika pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu nalo limadya ulusi. Apa m'pomwe ndinalakwitsa. Lamba woyamba ndinamukulunga madzulo omwewo poona kuti pamwamba wauma, ndipo patatha masiku atatu anayamba kununkha chuku. Ndinayambiranso. Enawo ndinawasiya masiku awiri athunthu.

Podikira ndinatsuka kachitsulo ka paphewa komwe lamba amadutsamo. M'kamphako kake munali litsiro louma ngati phula, ndipo nditalipala ndi kamtengo ndinazindikira kuti limeneli, pamodzi ndi kuuma kwa nsalu, ndi lomwe linkalepheretsa lamba kubwerera, osati sipuling'i monga ndinkaganizira. M'loko wa lamba ndinangopemereramo mpweya wa kompuresa. Munatuluka mchenga ndi zinyenyeswazi, ndipo anayambanso kulira kuti kha pomanga. Girizi sindinaikemo, amangoitana fumbi.

Malamba atauma ndinawayang'ana powala, chala chikuyenda m'mphepete monse ndi pamisoko ya kumapeto. Wa dalaivala anali bwino, wofewa, ndipo nditamumangirira n'kumukoka mwadzidzidzi anagwira nthawi yomweyo. Wa mbali inayo ndiye anandikhumudwitsa. Litsiro litachoka panaoneka podukaduka ulusi m'mphepete, kutalika ngati chala, pomwe chitseko chakhala chikumupana zaka zonsezi, ndiponso misoko ina ya pansi inali itamasuka. Ndinali nditataya naye masiku atatu, koma lamba wotere sasokedwa pamanja kapena kwa telala. Ndinamudula pakati ndi sizasi kuti wina asadzamutole n'kumuika m'galimoto, zitsulo zake ndinasunga, ndipo ndinaitanitsa watsopano wa mtundu wofanana. Mpando umenewo sunakhalepo munthu mpaka tsiku lomwe anafika.